Tsiku limene bambo anayamwa paipi ya eyakoni

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, tikukhala kunja kwa dziko lathu, ku Daveyton. Bambo anga ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Alberton kwa mayi wina wachikulire amene tinkangomuti adona. Loweruka amayi akapita kokagulitsa masamba, ine ndinkatsagana ndi bambo, ndipo poweruka adona ankatiperekeza pa galimoto yawo yakalekale mpaka pokwerera matakisi. Ine ankandikhazika kutsogolo.

Loweruka lina m'nyengo yotentha, titangofika, adona anatsegula chitseko cha galimoto n'kutilozera kapeti wa mbali yanga. Anali atanyowa, akununkha ngati nsanza yoiwalika m'ndowa. Adonawo ananena m'Chingerezi, pang'onopang'ono kuti nanenso ndimve, kuti mwanayu wakhala akukodzera m'galimoto ndipo asadzapondenso pakhomo pawo. Ine, mtsikana wodzichapira kale yunifolomu! Misozi inalengeza m'maso.

Bambo sanatsutse. Anagwada n'kuyamba kununkhiza kapetiyo, zomwe zinandichititsa manyazi.

"Uwu si mkodzo," anandiuza m'Chichewa. "Ndi eyakoni iyi. Ikamaziziritsa imatulutsa madzi, manje paipi yotayira madziwo pansi yatsekeka, ndiye akubwerera m'kati."

Anayala katoni n'kulowa chagada kunsi kwa galimoto, ine nditanyonyomala pambali kusuzumira. Anapeza kapaipi ka labala n'kupisamo waya, koma wayayo sanapite patali chifukwa kanali kokhota. Kuuziramo mpweya anakana, akuti zinyalala zikanangothawira m'kati. Ndiye anachita zimene ankachita kwawo ku Ntcheu akamakoka petulo m'thanki: anakaika pakamwa n'kuyamwa.

Zimene zinatuluka m'menemo! Matope akuda, onanda ngati mamina, ndi mphemvu ziwiri zowolerana. Zina zinawathira kumaso, zina n'kutsikira m'malaya. Analavula, anatsokomola, kenako anayamwanso kachiwiri mpaka madzi anayamba kuyenderera pa simenti. Ine ndinathamangira kuseri kwa maluwa kukasanza.

Adona ataona madziwo anangoti, "Oo." Anabweretsa sopo wotsukira mbale n'kuwalozera bambo mpopi wa panja. Zopepesa panalibe, kaya kwa ine, kaya kwa iwo.

Pobwerera, bambo anagula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. M'takisi anamwako n'kundipatsira. Ndinapukusa mutu.

"Imwa, mwana wanga, ndatsuka m'kamwa."

Ndinayang'ana kuwindo mpaka kufika. Sabata yonseyo sindinkafuna kukhudza kapu imene iwo amwera, ndipo nkhope yanga sinkabisa. Iwo anaona. Anangoyamba kudzitsukira okha kapu yawo n'kumaiika payokha pamwamba pa kabati.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikakumbukira tsikulo ndimanyansidwabe, koma osati ndi pakamwa pa bambo. Adona amandinyansa, amene bodza lawo litaonekera poyera anaona kuti sopo ndi wokwanira. Koma kwambiri ndimadzinyansa ndekha. Bambo akanatha kungoti, "Pepani adona, mwana walakwa," n'kumandisiya kunyumba, ndipo ntchito yawo sikanagwedezeka. Munthu wogwira ntchito m'dziko la eni amadziwa bwino kupepesa zimene sanalakwe. Iwo anasankha kuyamwa zonyansa kuti ine ndisatchedwe wokodzera m'galimoto, ndipo ine ndinawathokoza powasala m'nyumba mwawo momwe.