Dzenje limene a Wilibala sankakwirira

Dzina lawo lenileni ndinalimva koyamba pamaliro awo. Tonse tinkangoti a Wilibala, chifukwa sitinawaonepo akuyenda opanda wilibala yawo ya tayala lolira ngati kagalu. M'menemo munkakhala fosholo, piki, chipika chosinjira miyala ndi chitsulo chachitali cholekeza m'chiuno.

Ali mnyamata anali m'gulu lomwe linathira phula pamsewu wathu uno, zaka makumi anayi zapitazo. Ntchito itatha anzawo anabwerera kwawo, koma iwo anakwatira konkuno n'kumanga nyumba kuseri kwa chigayo. Phula litayamba kusweka palibe anawatuma. Anangodzuka tsiku lina n'kuyamba kukwirira maenje.

Ine ndimagulitsa mazira. Ndinkawatenga kukhola la kumtunda pa njinga yamoto, matileyi khumi ndi awiri, mazira 360. Kuchoka pachigayo kukafika pamlatho ndi makilomita atatu okha, koma ndinawerengapo maenje 187. Tsiku labwino ankasweka mazira asanu ndi anayi, loipa makumi awiri. Ndiye munthu wokwirira maenje ndinkamuona ngati m'bale wanga.

Chinkandipweteka n'kuchedwa kwawo. Asanakhudze dzenje ankayamba kaye kufukula ngalande.

"Bambo, dzenje lili apa, inu mukukumba uko?"

"Mwanawe, msewu sudyedwa ndi matayala. Umadyedwa ndi madzi. Uyambe wawapatsa njira yawo, apo ayi adzipezera okha."

Akatero ankagogoda phula ndi chitsulo chija, n'kuika khutu kunsonga kwake, maso ali tseke. Madalaivala ankawaseka pawindo.

"A dokotala, wodwala wanu wagona bwanji?"

"Akutsokomola. Inunso musamuponde pachifuwa."

Koma panali dzenje limodzi pachidikha, mlatho usanafike, lomwe sankalikwirira. Ankangoimikapo ndodo ya nsanza yofiira, ndipo magalimoto ankapanikizana mbali inayo, imodzi imodzi, akutukwana. Mvula ikagwa maenje onse ankadzaza madzi, ilo lokha lili gwa, louma. Mbuzi zinkalilambalala. Amayi ogulitsa tomato ankanong'ona kuti mkuluyo amasungamo zinthu zake.

"Nanga ili mukulisiyiranji?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ili lili ndi njala. Ndalithira mawilibala makumi atatu, silikhuta." Anandipatsa chitsulo. "Tamvera wekha."

Mazira anali padzuwa, kumsika akundidikira. Ndinaseka n'kuliza njinga.

M'chilimwe a Wilibala anadwala, nagonekedwa kuchipatala. Ndinaganiza zowadabwitsa. Ndinamema amalonda ndi anzanga a njinga, dalaivala wina wa lole natibweretsera miyala. Tinalipo anthu makumi anayi, ndiye aliyense maenje osakwana asanu. Loweruka limenelo pomakwana thu koloko tinali titatsiriza. Dzenje la pachidikha tinalipanikiza ndi miyala ikuluikulu, pamwamba dothi, kusinja mpaka see. Ndodo ya nsanza ndinaizula ndine, anthu akuomba m'manja.

Lolemba silinasweke dzira ngakhale limodzi. Lachiwiri m'mawa ndinapita kuchipatala kukadzitama. Ndinawapeza pabedi la pakona, ataonda, akazi awo akuwapukuta kumaso.

"Bambo, maenje anu tatseka. Onse 187."

"Onse?"

"Onse."

"La pachidikha?"

Ndinagwedeza mutu. Anandigwira pamkono, zala zawo zili zizizi.

"Pansi pamenepo pamadutsa kasupe. Paipi yake ndinaiyala ndine, ndipo inaphwanyika kalekale. Ndinakanena kuofesi ya zamisewu kasanu, anthu kuno ndinawauza mpaka anayamba kunditcha wamisala. Kunsi kwa phula lija kulibe dothi, kuli phanga. Dzenje lija ndi lomwe linkathamangitsira magalimoto kumbali yolimba. Mwalitseka pakamwa, tsopano awachenjeze ndani?"

Wotchi ya pakhoma inkati hafu pasiti leveni. Lachiwiri lililonse basi yaikulu ya kumsika imadutsa pachidikha twelofu koloko, anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, matumba padenga. Mayi anga anali momwemo ndi madengu awo a nthochi. Ndinawaimbira, foni yawo inali yothima. Kuchoka kuchipatala kukafika pachidikha, makilomita khumi ndi anayi.

Ndinafika patatsala mphindi zisanu. Dzuwa linali paliwombo, msewu wonse uli zii, popanda mbalame kapena mbuzi. Chigamba chathu chinali chosalala bwinobwino. Pakati pake pokha panali kabowo kangati pakamwa pa kapu, ndipo mchenga unkalowamo wokha, pang'onopang'ono, kopanda mphepo. Ndinagwada n'kuika khutu pansi. M'kabowomo munkatuluka mpweya wozizira wonunkha matope. Kunsi, kutali, madzi ankayenda, chikhalirecho mvula inali isanagwe miyezi inayi. Kenako ndinamva mwala ukugwa, ndipo unatenga nthawi usanafike pansi.

Basi inatulukira pachitunda ikuthamanga, poti msewu tsopano unali wabwino. Ndinagoneka njinga mopingasa pachigambapo, n'kuvula malaya kuthamangira basiyo ndikukupiza. Mabuleki analira. Inaima mapazi makumi awiri kuchoka panjinga.

"Iwe wamazira, wapenga?" dalaivala anakuwa. "Ukufuna kufa, kafere kwanu!"

Mayi anga anasuzumira pawindo. "Mwana wanga, wavuliranji pamsewu?"

Injini inkagwedeza nthaka mpaka m'mapazi mwanga. Kumbuyo kwanga kunamveka ngati munthu wausa moyo. Nditacheuka, njinga inkapendekeka yokha. Phula linapindika ngati chikopa chonyowa, ndipo njinga, miyala yathu ndi theka la msewu zinalowa pansi. Panatsala dzenje loti basi yonse ikanakwanamo, fumbi likutuluka pang'onopang'ono. Dalaivala anathimitsa injini, ndipo tonse tinamva madzi aja.

A Wilibala anamwalira Lachisanu. Akazi awo anandiuza kuti atawauza za basi, mkuluyo anangofunsa kuti, "Ndodo yanga waibwezera?"

Patapita miyezi itatu a zamisewu anabwera kudzayala paipi yatsopano. Njinga anaifukula itapindika. Mazira tsopano ndimanyamula pa njinga yakapalasa, matileyi asanu ndi limodzi, ndipo pakutha pa chaka ndifikanso pa khumi ndi awiri.

Wilibala ija anandipatsa ndi akazi a mkuluyo. Loweruka lililonse timatuluka anthu khumi, ndipo timayamba ndi ngalande. Dzenje lililonse ndimaligogoda kaye n'kumvetsera, madalaivala akuseka. Sabata yatha, pafupi ndi chigayo, chitsulo chinalira ngati mgolo wopanda kanthu. Pamenepo palibe dzenje, phula lake ndi losalala. Ndaimikapo ndodo ya nsanza yofiira, ndipo mawa ndikupita kuofesi kachiwiri.