Galimoto ya Mipando Iwiri

Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wouma, maganizo anga amathamangira pa mapepala atatu amene bambo anga anabwera nawo kunyumba chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 6. Tinkakhala ku Area 25, ndipo mphepo ikawomba kuchokera ku Kanengo fungolo linkalowa paliponse, m'zovala zoyanika pachingwe, m'mabulangete, ngakhale m'buledi wa pa hokala. Bambo anagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ya fodya kumeneko kwa zaka zambiri, choncho iwo ankanunkha kuposa mphepoyo. Mapepalawo anakawasindikiza kumalo a intaneti m'tauni, n'kumayenda nawo m'thumba la jekete mpaka anayamba kung'ambika mopindamo. Pa pepala lililonse panali chithunzi cha galimoto yakale yochokera ku Japan, yaifupi ngati ikukwawa, ya denga lopinda ngati ambulera.

Chaka chimenecho kampani inachotsa anthu ambiri ntchito, ndipo bambo anali m'gulu lomwelo. Anzawo amene anatuluka nawo limodzi anachita zinthu zomveka. Wina anagula minibasi, wina anamanga timanyumba ta lendi ku Mgona, wina anabwerera kwawo ku Ntcheu kukalima kachewere. Koma bambo anga, munthu wapabanja wa ana awiri, wamimba imene inkayamba kulowa pakhomo mwini wake asanafike, anati iwo akufuna galimoto yoti mphepo iziwawomba. Mphepo, inu, ngati kuti ku Area 25 inkagulitsidwa. Anatilamulanso ine Tadala ndi mlongo wanga Mphatso kuti tisiye kuwatchula kuti ababa, tizinena kuti adadi.

Anatifotokozera kuti galimoto yakale sungaiuze zoti ikhale nazo. Mwini wake woyamba ndiye anasankha kufakitale kuti mipando ikhale yotani ndiponso denga lizitseguka bwanji, ndipo iwe wogula pambuyo umangosankha pakati pa zofuna za anthu ena. N'chifukwa chake mapepala anali atatu. Yofiira inali ndi mipando iwiri yachikopa, denga lotseguka ndi batani, ndi wailesi ya masipika ambirimbiri. Yoyera inalinso ya mipando iwiri, koma inkabwera ndi denga lina lolimba loti uzivindikira nthawi ya mvula. Yabuluu inali yosauka pa zonse, ya mipando yansalu, denga lokoka ndi manja, penti yosuwa pachitseko. Koma kumbuyo kwake kunali timipando tiwiri tating'ono, ndipo maso anga anathera pamenepo.

Masamu sindinkawatha kwenikweni, koma kuwerenga anthu a m'nyumba mwathu ndinkatha. Tinalipo anayi. Ndinkadziwa kuti bambo akatenga yofiira kapena yoyera, ine ndi Mphatso tizidzaionera panja ngati ana a kwa aneba. Ndiye ndinayamba kampeni. Ndinkawapolishira nsapato osatumidwa, ndinkawaperekera madzi kubafa, ndinanena kuti adadi mpaka lilime linatopa. Tsiku lina ndinaika timipando tiwiri tathabwa kuseri kwa sofa, tinakhalapo ndi Mphatso mawondo ali kukhosi, kuti aone ndi maso awo kuti tikwana. Anaseka, n'kundigwira pamutu, n'kunena kuti tiona.

Loweruka lililonse masana pakhonde pathu pankakumana komiti. Wapampando wake anali a Chimwaza, mnzawo wa bambo wa ku botolo sitolo, munthu amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire, koma ankalankhula za injini ngati anaibereka ndi iwo. Pamodzi nawo pankabwera amuna ena awiri amene ntchito yawo inali kugwedeza mitu ndi kumaliza mabotolo. Dzuwa la Okutobala likuwotcha malata, thukuta likuyenderera m'makosi mwawo, amuna akuluakulu amenewo ankatamanda yofiira chifukwa mipando yake inali ndi magetsi otenthetsa pokhalira. A Chimwaza ankati chimenecho ndicho chizindikiro cha galimoto ya munthu wolemekezeka. Za kanjira kathu kodzaza makwawa, kamene ngakhale wilibala inkadutsamo modandaula, palibe amene ankazitchula.

Munthu mmodzi yekha wodziwa magalimoto anaitanidwapo pakhonde paja, a Saidi, makaniko wochokera ku Mangochi amene ankakonzera magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Sanakhale n'komwe pansi. Anagwira mapepalawo m'mphepete ndi zala zawo za girisi, anawayang'ana, n'kunena mwaulemu kuti zitatu zonsezo zidzasiya mimba m'njira mwathu. Anati ngati bambo atsimikiza ndithu, atenge yabuluu, chifukwa denga lokoka ndi manja lilibe kainjini koti n'kufa ndi fumbi, komanso munthu wa ana amayamba waganiza za ana. Ndinafuna kuwagwadira. A Saidi atangopotoloka, a Chimwaza anati amenewo anazolowera maminibasi, za magalimoto apamwamba angazidziwire kuti. Sanaitanidwenso.

Amayi anga anali telala. Makina awo ankakhala kumapeto kwa khonde lomwelo, choncho zonsezi ankazimva akupalasa, mano atagwira ulusi. Ankavala duku kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo tsitsi ankadzimeta okha ndi sizasi yosokera mwezi ukatha, ati nthawi yokhala pa saluni analibe. Pa nkhani ya galimoto ananenapo mawu kamodzi kokha, kuti ikabwera idzatiperekeze kumudzi ku Dedza pa Khirisimasi, tipumeko kupanikizana m'basi. Ndinkaona kuti nawonso mtima wawo unali pa yabuluu, ngakhale sankanena.

Chigamulo chinagwa Loweruka lina kunja kukutentha moti agalu anagona pansi pa mpopi. Bambo anayala pepala la yofiira patebulo n'kuloza kanthu kakuda kamene kanaima kuseri kwa mipando, pamalo enieni pamene pa yabuluu panali timipando tathu. Anati kameneko ndi kaukonde kotchinga mphepo, ndipo si magalimoto onse amene amatuluka nako kufakitale. Ukatsegula denga n'kuthamanga, kamateteza kuti tsitsi la wokhala pambali pako lisabalalike. Anawonjeza kuti kumpando womwewo kuli kagalasi koyaka magetsi kodziyang'anirapo. Ananena zimenezi monyadira, ngati anapanga okha. Makina a amayi anaima.

"Tsitsi la ndani, bambo a Tadala?"

Sanakweze mawu, anafunsa ngati akufunsa muyezo wa siketi. A Chimwaza anayamba kuwerenga zolembedwa pabotolo lawo. Bambo anaseka kaseko kouma, n'kunena kuti akazi nkhani za magalimoto sazimvetsa. Amayi anawayang'ana kwa kanthawi, anakonza duku lawo, n'kuyambiranso kupalasa. Ine ndinalira chifukwa cha timipando tija, koma funso la amayi ndinalimva mwachibwana. Madzulo ake tikutsuka mbale ndinawalangiza kuti asiye kumeta, kuti galimoto ikamafika tsitsi lidzakhale litakula. Anandiyang'ana, sopo ali m'manja, n'kundiuza kuti nditsukuluze makapu.

Kudikira kunatenga masabata ambiri. Mango anapsa, mitambo inayamba kusonkhana masana n'kubalalika osagwetsa kanthu, ndipo bambo anakwera basi kupita ku Dar es Salaam kukatenga chuma chawo. Anabwerako patapita masiku asanu, denga lili chotsegula, nkhope itapsa ndi dzuwa, nsidze zili mbuu ndi fumbi. Ankayenda motang'adza. Zinadziwika pambuyo pake kuti anadina batani lotenthetsa mpando asanafike n'komwe pachipata cha Songwe, ndipo anayenda ulendo wonsewo atakhala pamoto, akuganiza kuti ndi mmene magalimoto othamanga amakhalira. Wailesi ya masipika ambirimbiri ija inkangogwira siteshoni imodzi, nayonso mosokosera. Ukayatsa injini, mkati munkalankhula mawu a mzimayi wa ku Japan amene palibe ankamumva, koma a Chimwaza anatimasulira kuti akupereka moni kwa bwana.

Pakhomo pathu galimotoyo sinafikepo. Itangosiya tala kulowa m'kanjira kathu, inakhula mimba pamwala, phokoso lake ngati poto wagwa pasimenti. Anyamata a pa chigayo anainyamula kuibwezera kumsewu, ndipo kuyambira tsiku limenelo inkagona pa chigayo pomwepo, mlonda akuiyang'anira. M'mawa uliwonse inkakhala itayera ndi fumbi la ufa, bambo n'kumaipukuta ndi thawulo lathu losambira. Ine anandikweza kamodzi, kuchokera pa chigayo kukatembenukira pamphambano ya msewu waukulu. Sindinama, mtima unandidumpha ndi chisangalalo. Chikopa chinkandiwotcha ntchafu, anzanga a kusukulu ankandikuwira m'mbali mwa msewu, ndipo m'galimotomo munkamveka fungo la mafuta a tsitsi amene kwathu kunalibe. Amayi sanapemphe kukwera, ndipo bambo sanawaitane.

Kenako bambo anayamba kugona kunja, poyamba tsiku limodzi, pambuyo pake sabata yathunthu. Azimayi obwera kudzasoketsa ankalankhula motsitsa mawu za galimoto yofiira imene inkaima pa saluni ina ku Area 18, ndipo ndikayandikira ankasintha nkhani. Galimoto yotero sungabise nayo kanthu. Mu Lilongwe monse munalibe inzake, ndipo munthu wa m'katimo ankaoneka kuyambira pachifuwa mpaka kumutu ngati ali pa shelefu ya m'sitolo. Munthu wochenjera akanagula ya magalasi akuda, koma bambo anga ngakhale kuchimwa ankafuna anthu owaombera m'manja.

Lamulungu lina titabwera ku tchalitchi tinawapeza bambo akulongedza. Anatiuza ine ndi Mphatso kuti apeza ntchito imene ikufuna kuti azikhala pafupi ndi tauni. Mutu wanga unagwira ntchito msanga. Ndinkadziwa kuti buti ya galimotoyo inali yaing'ono, chifukwa denga likapindidwa linkalowa momwemo, ndipo malo otsala ankangokwana chikwama chimodzi. Ndinaganiza kuti katundu akatsala, adzabweranso kudzatenga, ndipo akabwera mwina adzakhala. Ndinatenga nsapato zawo zakuda za ku ukwati ndi jekete lija lonunkha fodya, n'kuzikankhira pansi pa bedi lathu, kuseri kwa beseni.

Amayi anapinda malaya onse a bambo bwinobwino, ngakhale amene anali asanaume. Anachotsa chithunzi chawo cha ku kampani pakhoma, anatenga lezala, mswachi, ndi kapu imene ankamwera tiyi. Atamaliza anaima pakhomo la chipinda chathu.

"Tadala, tulutsa nsapato zija. Ndi jekete lomwe."

Ndinakana kuti sindikudziwa kanthu. Anagwada okha, anazisolola, anazikuntha fumbi, n'kuziika m'sutikesi. Kenako anapinda nkhata, anasenza sutikesi yaikuluyo pamutu, n'kuuyamba wa ku chigayo atavala zovala zawo za ku tchalitchi. Bambo ankabwera pambuyo ndi chikwama ndi majumbo awiri, akuyang'ana pansi, pamene makomo onse a m'kanjira kathu anali ndi anthu. Ine ndinkatsatira ndikulira, Mphatso atandigwira diresi.

Pa chigayo, sutikesi inakana kulowa m'buti monga ndinkayembekezera. Bambo anayamba kunena kuti palibe vuto, adzabwera mkati mwa sabata kudzatenga yotsalayo. Amayi anatsegula chitseko cha mbali inayo, anaikhazika sutikesiyo pampando wachikopa, anakoka lamba n'kuimangirira. Majumbo anawapanikiza pansi, kumapazi. Anayang'ana uku ndi uku ngati mmene ankayang'anira diresi asanaipereke kwa mwini wake, n'kunena kuti, "Zonse zakwana. Palibe chatsala."

Nthawi yomweyo mvula yoyamba imene tinaidikira mwezi wonse inayamba kudontha, madontho akuluakulu onunkhira dothi. Bambo anadina batani la denga. Linadzuka pang'onopang'ono, linafika pakati, linalira, n'kuima pomwepo. Anadinanso, anamenya chiwongolero, osatheka. Anyamata a pa chigayo anabisa nkhope m'malaya. Munthu wamkulu ananyamuka choncho, denga lili yasa ngati pakamwa pa ng'ona, mvula ikumulowa m'khosi, sutikesi itakhala mwaulemu pambali pake. Amayi anatigwira manja n'kunena kuti tifulumire, pachingwe pali nsalu za anthu.

Kwa zaka zingapo amene ndinkamusungira mkwiyo anali amayi. Bambo ndinkawamvera chisoni, ndinkati anapusitsidwa ndi a Chimwaza ndi zithunzi, anagula galimoto yaing'ono mosadziwa, ndipo itafika anasowa potiika. Amayi ndiwo ndinkati anawathamangitsa, chifukwa ndani amasenzera mwamuna wake katundu pomwe akanatha kumubisira nsapato? Panopa ndine wamkulu kuposa mmene amayi analili tsiku limenelo, ndipo ndikudziwa kuti pakhonde paja panalibe amene anapusitsidwa kupatula ine. Bambo anawerenga mipando bwinobwino, ndipo anasankha chiwerengero chimene ankafuna. Amayi anangokana kuti ine ndi Mphatso tikule tikutchera khutu kumsewu, kudikira munthu wobwerera nsapato.