Dothi la m'munda mwa a Nabanda

Mwaswera bwanji nonse?

Tadala wathu, amene wangoyamba ntchito ya kafukufuku wa nthaka ku yunivesite, wafika kuno ku Dzoole m'mawa. Osapuma n'komwe, anapita kumunda kukatapa dothi m'timajumbo kuti akaliyeze.

Atalowa m'munda mwa a Nabanda, oyandikana nafe aja, iwo anakuwa: "Iwe! Dothi la eni satapa. Ukufuna kukawa chimanga changa ndi mankhwala?"

Amayi anathamangira komweko opanda nsapato. "A Nabanda, mwanayu munkamubereka kumbuyo ndinu. Akufuna adziwe chomwe chikudwalitsa nthaka yanu."

A Nabanda anavula mpango wakumutu n'kudzazamo dothi. "Tenga lambiri, mwanangu. Mundawu unadwala kalekale."

Tadala misozi mbwee!

Nanga abale, mpangowu tiuchape tibweze, kapena tiwagulire watsopano?