Supuni Yosalaza ya Phala la Limbani

Sabata ino ndapita katatu kutsidya kwa mtsinje, kwa alamu anga aNabanda, chifukwa cha supuni.

Mwana wawo Limbani sanayambe n'kukwawa komwe. Alamu anadwala malungo mwezi wathawu, ndipo atadzuka mkaka unali utauma. Mchimwene wanga ali ku Halale kukagwira ntchito. Mwana amangolira, ndipo ndi chisanu chathu chino cha ku Mphunzi, mwana wopanda kanthu m'mimba sachedwa kufooka.

Ndinakwera ku mishoni kukafunsa adona amene anatiphunzitsa kusoka ndi kuphika tili atsikana. Anati mwana wotere amafuna phala lamadzimadzi, la ufa wosefa bwino ndi mkaka wa mbuzi wowiritsa. Anatenga sikelo yawo, naika kamwala kachitsulo mbali imodzi, ufa mbali inayo, mpaka ziwirizo zinalingana.

"Ufa wake ndi uwu," anatero.

Ndinati, "Adona, kwathu kulibe sikelo."

Anaganiza pang'ono, kenako anatapa ufa uja ndi supuni yachitsulo. Supuni iliyonse ankaidutsitsa mpeni pamwamba kuti isalale. Zinakwana zitatu, pa chikho chimodzi cha mkaka. Supuniyo anandibwereka.

Ndinakaphika phala loyamba ndekha, alamu akuona. Limbani anameza pang'ono nagona. Ndinabwerera kwathu mtima uli m'malo.

Lachinayi nditapitanso ndinapeza mwana akulira kuposa kale, kamimba kali gwa. Phala akuti akumalilavula. Sindinafunse zambiri. Ndinangokhala pamphasa n'kunena kuti, "Alamu, phikani ndione."

Anatapa supuni yoyamba, ufa uli kaphiri pamwamba. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu anaigwira mosamala kuti kaphiriko kasagumuke. Phala limene linatuluka pamenepo likanamuyenera munthu wopita kukakumba kachewere kudimba.

"Alamu, nanga mpeni uja?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mayi a Eneresi, inu mukufuna ndizichotsa ufa pa chakudya cha mwana wanga? Mwana woonda chonchi? Mkaka ndamumana kale, ndimumanenso ufa?"

"Simunamumane mkaka. Munadwala."

"Iye akudziwa zimenezo?"

Inu amayi anzanga amene mukuwerenga kapena kuwerengeredwa mawu awa, mukanayankha chiyani?

Taganizani mmene tinakulira. Mnzako akabwera ndi kambale kudzapempha ufa, umadzaza mpaka usongoke. Ukasalaza ndi dzanja iye akuona, mawa pachitsime mbiri yako yafika kale: uje ndi woumira. Nyemba, mtedza, mchere umene timausowa chonchiwu, zonse timapereka ndi kaphiri pamwamba. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo kaphiriko ndiye mawu amene sitinena pakamwa, akuti sindikukuwerengera. Tsono munthu amene sanasalazepo mbale ya mlendo, mukuti asalaze supuni ya mwana wake wodwala?

Sikelo ilibe manyazi amenewa. Kamwala kachitsulo kaja sikadziwa ngati mwana ndi wako kapena wa wina. Ufa ukachuluka, mbali imodzi imatsika, basi. Ndiye ubwino wake, ndipo sindingaunyoze. Koma sikelo ili m'nyumba imodzi paphiri ponsepa, pamene supuni ndi chipande zili m'dzanja la mayi aliyense. Ndipo supuni siyenda yokha. Imatapa monga mmene mtima wa woigwira ukufunira. Wamantha amatapa pang'ono. Wachisoni amatapa kwambiri.

Pa zambiri zimene timaphika, zimenezi sizivuta. Chidulo chikachuluka m'therere, lilime limakuuza, mawa uchepetsa. Ndiwo zikachepa mchere, bambo amadandaula, nkhani yatha. Wamkulu amanena. Koma khanda silinena kuti phala lalimba. Limangolavula, ndipo mayi poona kulavulako amaganiza kuti mwina ufa wachepa, nawonjezeranso.

Ndikanatha kukangana nawo alamu mpaka dzuwa kulowa. Ndikanati adona anatero. Akanavomera chifukwa cha ulemu, ine nditawoloka mtsinje akanabwerera ku kaphiri kawo. Ndimawadziwa, ndiponso ndimadzidziwa: Eneresi wanga akanakhala ndiye woondayo, sindikhulupirira kuti dzanja langa likanaufuna mpeni.

Choncho ndinathamangira kwathu n'kupempha bambo a Eneresi kuti aseme kachipande kakang'ono.

"Kakang'ono bwanji?" anafunsa.

"Kongokwana chala chachikulu."

"Mukufuna kudyetsa mbewa?"

Anasema akuseka. Ine ndinkatapa ufa ndi kachipandeko mpaka kusongoka, n'kukhuthulira mu supuni yachitsulo, n'kudutsitsa mpeni. Ufa ukatsala wambiri pampeni, ankasadzulako m'mphepete kuti kachepe. Tinachita choncho mpaka kaphiri ka kachipande kanangokwana ndendende mu supuni yosalaza, mpeni osapeza chochotsa.

Dzuwa lisanapendeke ndinali nditabwerera kutsidya.

"Alamu, supuni ija ndikabweza kwa eni ake. Gwiritsani aka. Katatu, ndipo muzidzaza ndithu mmene mungathere."

Anakatembenuza uku ndi uku. "Osasalaza?"

"Mukasalaza ndikwiya."

Anatapa, naunjika mpaka ufa unayamba kugwa wokha m'mbali. Kachipande kakang'ono sikalola kaphiri kakakulu, kaya ukakamize bwanji. Phala linatuluka loyenderera, lotsika lokha pa mthiko. Limbani anakana koyamba. Kachiwiri anagwira chala cha amayi ake nameza, namezanso. Sanamalize chikho, koma sanalavule. Alamu ankangopukuta kukamwa kwa mwana ndi nsonga ya nsalu.

Sindikunena kuti wachira. Akadali woonda, ndipo mbuzi imene ikupereka mkakayo ndi ya eni. Koma dzulo uthenga unabwera woti kamimba kafewa ndipo akudya.

Masiku ano zakudya zatsopano zikubwera zambiri: tirigu, soda wa buledi, shuga, ndi maphikidwe amene amayamba ndi kulemera kwa chinthu. Atsikana amene akuphunzira ku mishoni adzapita nazo m'midzi, ndipo poti sikelo sadzaipeza, adzazisandutsa masupuni monga ndinachitira ine. N'zabwino. Koma inu amene mukaphunzitse anzanu, musangowerenga kuti masupuni ndi angati. Khalani pansi muone dzanja likutapa. Mukamuuza mayi kuti achotseko ufa pa supuni ya mwana wake wanjala, mwamupatsa chiyani choti mtima wake ugwire m'malo mwake?