Tikondwe ndi mafulasiki a pa Malomo

Tikondwe, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, amagwira ntchito mu tiyirumu ya a Hana pa Malomo. Analeredwa ndi agogo ake, ndipo munthu asakunamizeni kuti mwanayu alibe mwambo.

Kale munthu ukangoti "Odi", kapu inkakhala itafika usanatsamire benchi. Zinasokonekera chaka chomwe a Hana anagula foni ya Watsapu. Aphunzitsi ndi a m'maofesi anayamba kuitanitsa tiyi ali phee pamipando yawo, wakabaza n'kumawapititsira m'mafulasiki. Ketulo ndi imodzi, mbaula imodzi. Fulasiki ziwiri zikadzaza, madzi atha, a pabenchi adikire ena awire. Lamulo la a Hana linali lakuti foni ikalira, ndiyo iyambe.

Nanga amatukwanidwa ndani? A Hana amakhala kuseri n'kumakanda mandasi. Nkhope yoonekera kubenchi ndi ya Tikondwe.

Lachiwiri lina m'mawa kunalowa bambo wa jekete lotuwa, osapereka ngakhale moni. Anali a Nedson, amalume ake a Rodrick, mnyamata amene anali atapereka kale chitenje cha chikole kwa Tikondwe. Anabwera mozemba kudzaona ngati mbetayo ili yoyenera kulowa pamtundu pawo. Tikondwe sankawadziwa.

"Tiyi wamkaka ndi sikono," anatero.

"Chabwino bambo, madzi angowira pang'ono."

Madzi anawira, foni inalira. Fulasiki zinatuluka. Anateleka ena, foni inaliranso. Mlimi wina wa fodya anatopa n'kunyamuka, akuti tiyi wa pano amamwa ndi anthu osaoneka. A Nedson anakhala ola lathunthu, maso ali pa mtsikanayo ngati akusankha mbuzi pamsika.

"Iwe mtsikana, ine ndine chitsa?"

"Pepani bambo, lamulo si langa."

"Munthu wamkulu ali pano, iwe ukugwadira kachitsulo kolirako? Kwanu kulibe akuluakulu? Anakulera ndani, nkhuku?"

Pamenepo ndiye anaponda mchira wa njoka. Tikondwe anaika fulasiki pansi bwinobwino.

"Bambo, tukwanani tiyi, tukwanani foni, ngakhale ine. Koma amene anandilera muwasiye. Iwo akalowa pakhomo pa eni amayamba ndi moni."

Pabenchi ponse kunali kuseka. A Nedson anatuluka osamwa kanthu, jekete likukupiza.

Lamulungu Rodrick anafika kwa agogo a Tikondwe, nkhope ili gwa. Anati bambo wa jekete uja ndi amalume ake, akwiya, ukwati sauvomera pokhapokha Tikondwe akawagwadire pamaso pa abale n'kuvomera kuti sanalangidwe. Zoti amalumewo akafunse a Hana za lamulo lawo, ayi. Zoti munthu woona mkazi amapita kumunda kapena pakhomo, osati kukabisala pabenchi ngati kazitape, ayinso.

"Nanga iwe wawayankha chiyani?" Tikondwe anafunsa.

Rodrick anayang'ana nsapato zake. "Ungopepesa basi. Si amalume kodi?"

Tikondwe analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitenje chija chili chopinda, chisanavalidwepo n'kamodzi komwe, nachiika pamiyendo pa mnyamatayo.

"Zodikiritsa ndikanapepesa, pakuti anadikiradi. Koma zoti agogo anga ndi nkhuku sindingavomere. Ukawapatse amalume ako, azifunda."