Liwiro la Lole ya Atate

Atate anga, a Edwell Nkhoma a ku Chawama, anakalambira pachiwongolero. Ankayendetsa malole a katundu, lero ku Nakonde mawa ku Chirundu, ndipo ife ana tinkawadziwira fungo la dizilo. Sitiroko itawagwira, dzanja lamanja linafooka, ntchito n'kuthera pomwepo. Amayi anali atamwalira kale, ndiye mtolo wonse unagwera ine Rhoda, wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, ngati kuti ndinalibe zanga zondilemera.

Chimene chinawadzutsa pamphasa si mankhwala ayi. Inali gemu yakalekale yoyendetsa lole, imene tinaipeza mu kompyuta yotopa yomwe anatipatsa a kutchalitchi. Magetsi akangobwera, iwo ali kale pampando, zala za dzanja lodwalalo zili pamabatani. Lole ikafika kumene ikupita osagunda kanthu, ankati dzanja likadali moyo. Sikelo yawo inali imeneyo. Za kuchipatala ankangovomera mwaulemu.

Tsiku lina magetsi anabwera mwaukali, kompyuta ija inanunkha n'kuzimiratu. Mchimwene wanga Moven, amene amathandizira kutali ku Solwezi komwe kulibe zochapa za wodwala, anatumiza laputopu yatsopano. Gemu tinali nayo pa sidi, koma laputopuyo inalibe polowetsa sidi. Ndinatopa ndisanayambe n'komwe.

Ndinapita nazo kwa Chalwe, mayi wokonza mafoni pamsika wathu. Anakopera gemuyo pa fulashi, makina n'kukana kuitsegula. Anasintha zina kuti makinawo azidziona ngati akale, inatseguka, koma msewu unatuluka wofiira, thambo lobiriwira. Analimbana nayo mpaka mitundu inabwerera. Nditaona lole itaima bwinobwino, ndinanyamula n'kuthamangira kunyumba. Tonse awiri sitinaganize zoiyendetsa kaye.

Atate anagunda pakona yoyamba. Anayambanso, n'kugwera m'ngalande. Anayesa mpaka thukuta, kenako anatseka laputopuyo n'kuyang'ana dzanja lawo nthawi yaitali.

"Kwanja kwasila, Rhoda," anatero, kutanthauza kuti dzanja latheratu. "Osanivuta futi na voyenda-yenda."

Analekadi kuyenda ndi ndodo kukafika pachipata, chakudya n'kumangochilawa. Ndinachita mantha, komanso ndinapsa mtima. Ndinkadziwa kuti akabwerera pamphasa sadzadzukaponso, ndipo zonsezi chifukwa cha kachidole.

Ndinaitsegula ndekha. Kuyendetsa sindidziwa, koma ndinaona dzuwa la mugemumo likutuluka ndi kulowa ngati munthu akuphethira. Kale silinkatero. Ndinabwerera kwa Chalwe nkhope ili gwa.

"Ba Rhoda, nalakwisa ine," anatero atayesa. "Iyi gemu inapangiwa ya makompyuta yofoka. Iyi yanyowani ili na mphamvu maningi, ndiye ithamangisa vonse."

Anaika kapulogalamu konamiza gemuyo kuti ikadali mu kompyuta yakale. Liwiro linakhala bwino, mawu a injini n'kusowa. Mawu atabwera, magetsi anathima. Ndinapita n'kubwerera mpaka miyendo inandiwawa, salaula wanga akundigulitsira mnzanga amene samadziwa kukana munthu wonenerera. Pomaliza Chalwe anandisonyeza mabatani awiri, lina lochepetsa liwiro, lina lowonjezera.

Nditawauza kuti vuto linali la makina osati dzanja, Atate sanandikhulupirire msanga, ankayesa ndikuwanyengerera. Koma lole itadutsa pakona paja osakhudza kanthu, anaitanitsa madzi osamba ndi tiyi wa mkaka.

Patapita miyezi ndinaona kuti akafika pamlatho wopapatiza wa mugemumo, ayamba kukhula m'mbali. Apa makina analibe mlandu. Akapita kosamba, ndinkadina batani lochepetsa lija, kamodzi kokha. Sabata ina, kamodzinso. Lole inkafika, iwo ankadya, ine ndinkapeza tulo.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, ine ndikusankha nyemba, analankhula osachotsa maso pagemu.

"Rhoda, mita ya iyi lole ilemba eyite, koma mitengo ipita monga nili pa fote. Uganiza nine mwana?"

Ndinasiya kusankha nyemba. "Batate, nenze kufuna chabe kuti..."

"Niziba. Bweza pamene anaikila Chalwe. Ngati kwanja kuyenda, nifuna nizibe neka, osati uzibe iwe weka. Wanyamula vambili, mwana wanga. Ichi nisiyile."

Ndinabweza liwiro pamene analiika Chalwe. Anafika pamlatho paja n'kugunda. Mtima unandiwawa kwambiri, koma iwo anangopukuta dzanja pathalauza n'kuyambanso ulendo. Ine ndinatuluka panja kukaanula zovala zomwe zinali zisanaume.