Samoni ya M'kolido

Ndili kusekondale ku Wigston, kudziko la azungu, amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kiyi wakwathu anandilanda nditathira mchere m'shuga tsiku la mapemphero a azimayi, ndiye ndikaweruka ndinkapita kukawadikira kuntchito mpaka shifiti ithe.

Kumeneko kunali mzungu wina amene tonse tinkangomutchula kuti agogo a nsomba. Unyamata wawo wonse unathera panyanja yamchere kumayiko akutali, kuwedza nsomba zikuluzikulu zotchedwa samoni, kawedzedwe koti boti likuyenda pang'onopang'ono nyambo ikukokedwa kumbuyo. Tsopano anali pawilitcheya, mutu utayamba kuiwala, m'dera limene nyanja ili kutali mbali zonse. Chimene anatsala nacho chinali bokosi la nyambo zopanga. Amanijala anachotsamo mbedza zonse, n'kuwauza amayi kuti bokosilo likangobweretsa vuto limodzi lichoka. Amayi ankadziwa kuti agogowo sangakhalitse popanda bokosi lija. Ndi lokhalo limene linkawadzutsa m'mawa.

Dzina la mwana wawo anali ataliiwala, koma nyambo ayi. Ankaziyala pathebulo n'kumandiphunzitsa ngati ndawafunsa. Panali zachitsulo zooneka ngati sipuni yopanda chigwiriro, zimene amati zimapepeluka m'madzi ngati kansomba kovulala. Panali zapulasitiki za michira yambiri ngati ndevu za chimanga. Kukakhala mitambo usankhe yobiriwira, dzuwa likawala yasiliva, ukafuna pansi penipeni tenga yowala mumdima. Kutsogolo kwa nyambo ankamangirira kachitsulo kathyathyathya konyezimira, koitanira nsomba. Za mbedza ankazinena ndi chisoni, zala zikumanga mfundo m'malere: zikhale ziwiri, ina kumbuyo kwa inzake, chifukwa samoni imakonda kuluma kumchira n'kuthawa.

Amanijala akatsikira kuofesi kwawo, ife tinkawedza. Agogo ankasuzumira pawindo kuona kunja, n'kusankha nyambo, ine n'kumakankha wilitcheya m'kolido ya pamwamba, chingwe chikukwekwereza nyambo pakapeti kumbuyo kwathu. Ndikafulumira ankanditukwana kuti ndikuthamangitsa boti. Amayi ankayang'ana kumbali.

Zinanditopetsa msanga. Ndinanyengerera anti wina wa ku Zambia, mnzawo wa amayi, kuti iwo ndiwo azikankha wilitcheya. Ine ndinkabisala m'kachipinda ka zofunda, nyambo ikamadutsa n'kuigwira, kukoka kawiri, n'kusiya. Mukanawaona agogo! Msana kuwongoka, mano oikirira kutsala pang'ono kugwa. Ankakulunga chingwe, kuiyang'anitsitsa nyambo, n'kudandaula kuti popanda mbedza palibe chimene chingagwire. Tsiku lina ndinawamangirira sokosi kunyambo. Anti anaseka mpaka kukhala pansi, n'kundiuza kuti ndidzapsa ndithu. Mpaka lero ndimati sokosi ija inali nzeru zapamwamba.

Tsiku limene ndikufuna kunenali linali m'nyengo yozizira, kunja kutachita mdima anthu asanaweruke n'komwe. Anti anali pa ofu, ndiye ndinkakankha ndine. Agogo anayang'ana pawindo nthawi yaitali, n'kutulutsa nyambo imene sanaigwiritsepo ntchito, yakuda yamizere yofiirira. Ndinawakumbutsa kuti mumdima timatenga yowala. Anati ayi, zazikulu zimabwera kuchinthu chakuda.

Tinayenda. Kachitsulo kaja kankalira ngwe, ngwe kumbuyo kwanga monga mwa masiku onse. Tinadutsa chipinda cha mayi wina amene anamwalira sabata yapitayo. Munali mutachotsedwa zonse, chitseko chili chotsegula pang'ono. Titapitirira, kulira kuja kunasiya.

Ndinacheuka. Chingwe sichinali kumbuyo kwathu. Chinali chitakhota n'kulowa m'chipinda muja, chili chokungika ngati waya wa gitala.

Agogo sanacheuke. Anangonena motsitsa mawu kuti, "Lero si iwe."

Choncho ankadziwa kuyambira kale kuti nsomba ija ndinali ine. Ndinafuna kuseka. Chingwe chinakoka kawiri, n'kusiya, n'kukokanso kwa nthawi yaitali. Wilitcheya inayamba kubwerera m'mbuyo, kundikankha ine amene ndinali nditaigwira ndi manja onse awiri. Nsapato zanga zinkaterereka pakapeti. Chingwe chinalowa m'chikhatho cha agogo, magazi n'kuyamba kudontha, koma sanasiye. Ankangondiuza kuti ndisaimitse boti, ndisaimitse boti.

Amayi anatulukira pakona atanyamula matawulo. Anasolola sizasi m'thumba la yunifomu n'kudula chingwe, ine ndi agogo n'kukagunda khoma. Phokosolo ndi limene linakweza amanijala.

Ndinalowa m'chipinda muja amanijalawo asanafike. Munali bedi lopanda matiresi, windo lotseka, basi. Nyambo munalibe, kachitsulo kaja munalibe. Chidutswa cha chingwe chinali pakati pachipinda, chonyowa, pamene kapeti inali youma. Ndinachinyambita. Mchere.

"Iwe, wabisa ndani muno?" anatero amayi pakhomo.

"Palibe, amayi. Onani nokha."

"Ndikuona. Tuluka." Sanalowemo. Milomo yawo inkayenda, ndinadziwa kuti akupemphera.

Amanijala anaona magazi m'dzanja la agogo n'kunyamula bokosi pomwepo. Ine anandiletsa kupondanso pamalopo. Amayi anachonderera mpaka Chingerezi chinawathera, osaphula kanthu. Ndikutuluka, agogo anandigwira jekete n'kundinong'oneza kuti pakanakhala mbedza ziwiri bwenzi titaikweza m'boti.

Aliyense anati ndinali nditalowetsa mnzanga pawindo. Sindinakane. Kusukulu nkhaniyi ndinaifotokoza ngati ntchito ya manja anga, ndipo inandipatsa ulemu mpaka temu kutha. Munthu ungataye bwanji mbiri yoteroyo?

Agogo sanalifunsenso bokosi. Amayi ankati anasiya kuyang'ana pawindo, ankangopempha kuti awaike m'kolido moyang'ana chitseko chija, dzanja lomangidwa bandeji lili lofumbata. Chakudya ankachikankha. Mitengo isanaphuke masamba anawatengera kuchipatala, ndipo sanabwerenso.

Amayi anapempha kuti aziwaika shifiti ya m'kolido ya pansi.